Phula m'Wenzulo

Tyrrelstown, Dublin
9 October 2016

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Mayi ndi mlongo wanga Lois. Bondo lija likuti bwanji? Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chomwe m'dziko muno sichichoka. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumangoti "ati chiyani?" mpaka mayunitsi kutha.

Bambo, ndapeza phiri!

Pafoni paja munanena mawu amene anandikhala pamtima. Munati miyendo ya Bonaventure, yomwe inatenga nambala 4 pa mpikisano wa mapota onyamula katundu m'phiri ku Likhubula, yathera m'nyumba yosambitsa nkhalamba za azungu. Zinali zoona. Zaka zitatu zonsezi ulendo wanga wakhala wochoka pa basi kulowa pantchito, kuchoka pantchito kukwera basi.

Kuntchitoko kuli agogo ena amene ndimawasamala, ndipo mwana wawo, a Gerard, amabwera kudzawaona Lamlungu lililonse. Ndi bambo a zaka 61, oonda ngati nsungwi, kumutu kuli mbuu. Tsiku lina anabwera ndi nsapato zamatope, ine n'kuwafunsa ngati amalima. Anaseka chikhakhali, amvekere, "Ayi, ndimathamanga m'mapiri." Nditawauza kuti ndinakulira pansi pa Mulanje, kuti bambo anga ananyamula katundu wa alendo m'phirimo zaka 34, sanandisiyenso.

Dzulo ananditengera ku mapiri a Wicklow pamodzi ndi a kilabu yawo. Musaseke, Bambo: lalitali kwambiri ndi mamita 925. Titafika ndinawafunsa kuti, "Kodi phirilo lili kuseri kwa chulu ichi?" Kulibe mkungudza, kulibe anyani. Kuli timitengo tofika m'mawondo, nkhosa zopakidwa penti pamsana, ndi matope akuda omeza mwendo. Koma phazi litangoponda chitunda, miyendo inadzuka yokha. Pokwera ndinkawalemekeza, ndili pambuyo. Potsika ndinalephera kudzigwira, ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, ndipo ndinawadikira pansi mphindi 6 ndikudya nthochi. Mtima wanga sunakondwepo chonchi chibwerereni kuno.

Ya feteleza ndatumiza kwa Lois, mugule msanga mitengo isanakwere. Za kogona musade nazo nkhawa. Tilipo anayi m'chipinda, koma onse ndi anthu opemphera.

Ndine mwana wanu,
Bonaventure


Tyrrelstown
6 November 2016

Bambo,

Moni nonse kumeneko. Lois wandiuza kuti mvula yoyamba yagwa, Mulungu alemekezeke. Ine ndili bwino tsopano, ngakhale masiku atatu apitawa ndinali gone.

Ndathamanga mpikisano wanga woyamba! Anthu 140, makilomita 12, ndipo mwana wanu watenga nambala 3. Ndinali ndi nsapato zansalu zomwe ndimavala kuntchito, kabudula, ndi malaya a thonje aja a kwaya ya ku parishi. Anzanga anali ndi nsapato za mano kuphazi ngati za mpira, timajekete, tizikwama ta kumsana, mawotchi olankhula ndi kumwamba. Ndinawadyetsa matope ndithu. Awiri okha ndi amene anandipitirira, ndipo mmodzi ndi chifukwa choti ndinasochera pang'ono potsatira nkhosa.

Koma nditangoima, zinthu zinasintha. Thukuta lija linasanduka madzi a mufiriji. Mano anayamba kuombana, kapu ya tiyi yomwe anandipatsa ndinaitaya kawiri. A Gerard sanandiyamikire n'komwe. Anandivula malaya pagulu ngati mwana, n'kundikulunga ndi bulangete la siliva, lopyapyala ngati pepala la m'paketi ya ndudu. Amvekere, "Bona, malaya a thonje amasunga madzi. Kuno phiri silipha ndi kutalika, limapha ndi kuzizira." Ndinafuna kuwauza za chiperoni cha pa Chambe, koma pakamwa sipankatseguka bwino.

Nditabwerera kutauni ndinakumana ndi Chrissie, nesi wa ku Thyolo amene amagwira ntchito ku chipatala cha ku Beaumont, timapemphera limodzi. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, amvekere, "Achimwene, anthu akuvutika ndi ma visa kuti athawe tchire, inu mwafika ku Ulaya n'kuyambanso kulipira ma 7 euro kuti muthamange m'tchire? Are you okay?" Ndinamuuza kuti anthu a m'minda ya tiyi sangazimvetse.

Tsopano mverani nkhani yeniyeni. Pa 4 February kuli mpikisano waukulu wa m'nyengo yachisanu, makilomita 26, kudutsa pamwamba pa phiri lalitali lija. Wopambana amalandira chikho chagalasi cholembedwa dzina. Bambo, chikho chimenecho chidzakhala pa kabati yanu ku Likhubula. Mukonzepo malo, wailesi ija isunthe.

Auzeni Mayi asamanyamulenso nkhuni zambiri, msana uja.

Bonaventure


Tyrrelstown
11 December 2016

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu yomwe inabwera ndi abambo mfumu aja ndailandira, ndaiwerenga kanayi. Mwati nambala 3 pa chulu si nkhani, koma Lois wandinong'oneza kuti mwauza aliyense pamsika wa Chitakale. Ine ndili bwino, miyendo ili gwa.

Ndagula nsapato za mano zija. Zatsopano ndi 130 euro, ine ndinapeza za kaunjika wa pa intaneti pa 40. Bambo, zimagwira udzu wonyowa ngati zala za nyani. Jekete ndi magolovesi andibwereka a Gerard.

Mpikisano wa February uli ndi malamulo ake. Usanayambe amatsegula chikwama chako pa tebulo, ndipo ngati chinthu chimodzi chikusowa, suthamanga. Amafuna jekete yosalowa madzi, chipewa, magolovesi, mapu, kampasi, chakudya, bulangete la siliva lija, ndi wenzulo. Akuti ukavulala uyimbe kasanu ndi kamodzi, udikire mphindi imodzi, uyimbenso. Amene wamva amayankha katatu.

Apa ndi pamene ndaima mutu. Munandiphunzitsa ndili wamng'ono kuti m'phiri suimba mluzu, ndipo ukaumva suyankha. Sindinaiwale chifukwa chake. Bambo aang'ono Gervazio, mng'ono wanu, ankakonda kuimba mluzu ponyamula katundu, akuluakulu n'kumawaletsa koma osamva. Ndiye June wa 1983 uja, nkhungu itatseka phiri masana, anatsalira m'mbuyo pa njira ya ku Lichenya ndipo sanafike pa nyumba ya alendo. Munati inu ndi anzanu munamva mluzu wawo womwe uja ukuchokera kuchigwa, ndipo akuluakulu anakugwirani mkono, amvekere eni phiri amutenga, tsopano akumuyeseza kuti atengenso wina. Kutacha munafunafuna sabata yathunthu, osapeza ngakhale nsapato.

Ndinayesa kuwafotokozera a Gerard. Anamvetsera mwaulemu, kenako anati, "Mapiri a kuno alibe eni, Bona, ali ndi nkhosa." Koma ine ndine mwana wanu, si wa a Gerard. Ndipeza njira.

Eni nyumba yathu abwera kawiri ndi anthu ojambula zipinda. Akuti ndi za inshuwalansi. Mmodzi wa anzanga wayamba kulongedza, koma iyeyo ndi wamantha kuyambira kale.

Khirisimasi yabwino. Mugule nkhuku ziwiri, osati imodzi ngati chaka chatha.

Mwana wanu,
Bona


Drumcondra
8 January 2017

Bambo,

Chaka chabwino kwa nonse. Ndili moyo, ndili wamphamvu. Makalata muzitumiza ku adiresi ya parishi yomwe ndalemba kuseriku, ya ku Tyrrelstown ija musaigwiritsenso ntchito. Ndi nkhani yaitali ndipo si yosangalatsa. Katundu wanga ali mu loka, kakabati kokhoma ka kuntchito, ndipo ndazindikira kuti munthu safuna zinthu zambiri monga momwe amaganizira. Kuntchito kuli shawa yotentha. Mayi musawauze kanthu.

Tiyeni tikambe zabwino. Ndathamanga pa chipale chofewa! Phiri lonse linali loyera mbee ngati ufa wayanikidwa pamphasa, ndipo phazi likaponda chimalira kuti kwichi kwichi. Ndinagwa kasanu, kasanu konse ndikuseka. Mnyamata amene amapambana mipikisano yonse kuno, wa miyendo ngati kakowa, ndinamusiya potsika ndipo anafika akundiyang'ana ngati ndamubera mbuzi. A kilabu ayamba kunditchula kuti Mulanje. Ena amalephera, amati Mulanji.

Za wenzulo ndathana nazo, ndipo mundiyamikire nzeru. Lamulo likuti ukhale nayo, silikunena kuti izilira. Ndinatenga kandulo kutchalitchi, n'kudonthezera phula m'kati mpaka kudzaza. Kunja ikuoneka bwinobwino, ya orenji, yonyezimira. Ndinayesa kuuzira ndili m'tauni, zii. Azungu aona wenzulo yawo, inu mwasungiridwa lamulo lanu, aliyense wakondwa.

A Gerard akulimbikira kundiphunzitsa kampasi. Ndimangogwedeza mutu. Munthu amene anatsika Sapitwa mu chiperoni ndi chikwama cha mzungu pamutu angasochere pa chulu?

Lois asaiwale kubandira chimanga cha kuseri kwa nyumba.

Bonaventure


3 February 2017

Bambo,

Ndi mawa! Ndikulemba pa nthawi yopuma kuntchito, mundikhululukire zilembo zokhotakhota. Ndili bwino, ndadya mpunga mbale ziwiri. Nambala yanga ndi 58, ndaimanga kale pa malaya ndi mapini anayi.

Akuti kudzakhala nkhungu ndi mphepo pamwamba. Anzanga akudandaula, ine ndikuvina. Nkhungu ndi kwathu. Pamapu ndaona kuti njira yawo imazungulira kwambiri pambuyo pa nsonga, pomwe pali chidule chowongoka chotsikira kuchigwa. Malamulo amalola, bola ufike pa malo onse anayi pomwe amalemba manambala. A Gerard adzakhala pa malo achitatu ndi buku lawo ndi fulasiki.

Agogo aja, mayi awo a Gerard, andipatsa kolona kuti ndiike m'chikwama. Anaiwala kale dzina langa koma za mpikisano sanaiwale.

Wailesi ija mwasuntha?

Bona


Drumcondra
19 February 2017

Okondedwa Bambo,

Ndikudziwa Chrissie anaimbira Lois ndipo munthu wa ku Thyolo sachepetsa nkhani, ndiye ndati mumve kwa mwini wake. Ndili moyo. Ndikudya. Zala zonse zilipo, khumi kumanja, khumi kumapazi, ngakhale ziwiri zikusupuka khungu. Mwendo wamanzere unathyoka pa kakolo, anaikamo zitsulo, ndipo ndili mu pulasitala mpaka pa bondo.

Chikho sindinatenge. Wailesi ibwerere pamalo pake.

Koma Bambo, munayenera kuona! Pa nsonga penipeni ndinali woyamba. Woyamba! Kakowa uja ndinkamumva akupuma kumbuyo kwanga. Ndinakhota kulowa chidule changa chija, ndipo kwa mphindi khumi ndinali munthu wokondwa kuposa onse mu Ireland. Kenako nkhungu inatseka, chipale chinali chitaphimba dzenje la m'matope, mwendo n'kulowamo thupi likupitirira. Zina zonse ndidzakuuzani.

Tsopano imvani ichi, mukawauze anzanu onse a ku Likhubula. Inu mwanyamula katundu wa azungu zaka 34. Mwana wanu wanyamulidwa ndi azungu asanu ndi atatu pa machira, makilomita anayi, kutsika phiri, akusinthana ngati mmene mumachitira. Mmodzi ndi dokotala wa mano, wina mphunzitsi, wina woyendetsa basi, ndipo salipidwa kanthu, amangodzipereka. Ndinawauza kuti akumbuyo akweze pang'ono, pota wabwino sapendeketsa katundu. Anaseka mpaka anatsala pang'ono kundigwetsa.

Chrissie anabwera ku wodi atavala yunifolomu, manja m'chiuno, amvekere, "Achimwene a Mulanje, chulu chija chakutani? Next time muzithamanga m'nyumba pa makina a treadmill ngati anthu." Kenako anatuluka msanga, ndipo ndinaona akupukuta m'maso.

Kuchipatala anafunsa adiresi yoti anditulutsire, ine ndinalibe, poti eni nyumba aja anatitulutsa. A Gerard anali pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutchula adiresi yawo. Ndiye ndili m'chipinda cha mayi awo, pa bedi la maluwa, mpaka pulasitala atachoka. Sanandifunse kanthu mpaka lero, ndipo ine ndikuchita manyazi.

Miyezi iwiri iyi sinditumiza kanthu. Za malata a khitchini ziyambe zadikira.

Mwana wanu,
Bonaventure


Drumcondra
12 March 2017

Bambo,

Moni. Mwendo ukupola, ndayamba kuponda pang'ono ndi ndodo. Kalata iyi Lois asakuwerengereni. Tengani magalasi aja mukakhale nokha pansi pa mpeyala.

Mwafunsa kuti anandipeza bwanji mu nkhungu, poti ndinali kutali ndi njira. M'kalata yathayi ndinazemba dala.

Nditagwa ndinayesa kuimirira, ndinakuwa ngati mbuzi. Foni inalibe netiweki. Ndinavala jekete, chipewa, n'kudzikulunga ndi bulangete la siliva lomwe ndinkaliseka lija. Ndinaitana ndi pakamwa mpaka mawu kutha, koma mphepo inkangowabweza. Sindinkaona ngakhale phazi langa. Inali cha m'ma 1 koloko masana. Pofika 2 koloko ndinasiya kunjenjemera ndipo tulo tinayamba kundikomera, ndipo a Gerard anali atandiuza kale tanthauzo la zimenezo: ukagona, sudzukanso.

Ndinatulutsa wenzulo. Ndinauzira, zii. Nzeru zanga zija.

Ndinamasula pini imodzi pa nambala 58 n'kuyamba kutokosa phula. Zala sizinkamva kanthu, pini inagwera m'chipale. Ndinamasula yachiwiri, inapindika. Ndinaika wenzulo m'kamwa kuti phula lifewe, n'kumatokosa ndi yachitatu, kulavula, kutokosa. Sindikudziwa zinatenga nthawi yaitali bwanji. Itatseguka ndinakhala nayo pamilomo osauzira, ndikumva mawu anu. Ndinachita mantha, Bambo, sindikubisirani. Kenako ndinati ngati eni phiri akundifuna, andipeza kale, ndagona pakhomo pawo.

Ndinaimba kasanu ndi kamodzi. Ndinawerenga mphindi. Ndinaimbanso. Kachitatu, kachinayi, palibe. Ulendo wachisanu ndi chiwiri, kutali kumanzere kwanga, ndinamva katatu.

Anali a Gerard. Ataona kuti 58 sanadutse pa malo awo, anakwera ndi mnzawo kulowa mu nkhungu, akuima n'kumamvetsera. Ine ndikaimba, iwo amayankha, n'kusendera. Ndikaimba, amayankha. Mpaka ndinaona jekete yofiira ikutuluka mu nkhungu. Ndinalira ngati mwana, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Bambo, pamene ndinagona paja ndikuimba popanda woyankha, sindinkaganiza za chikho. Ndinkaganiza za bambo aang'ono Gervazio. Munthu akathyoka mwendo mu nkhungu, mawu akamuthera, amatsala ndi mluzu basi. Ndipo amaimba nyimbo yomwe abale ake akuidziwa, kuti adziwe kuti ndi iye.

Sindikukuimbani mlandu. Munali ndi zaka 24, akuluakulu anakugwirani mkono, ndipo mukanalowa mu nkhungu ija mwina ine sindikanabadwa. Ndikuganizanso kuti zimene ndalembazi si zachilendo kwa inu. Ndakumbukira kuti chaka chilichonse mu June munkakwera nokha ku Lichenya popanda mlendo, popanda katundu, ndipo mukabwera simunkadya.

M'phukusili muli mawenzulo makumi awiri, a kilabu asonkha. Muwapereke kwa mapota ndi operekeza alendo. Muwauze kuti kasanu ndi kamodzi ndi kuitana, katatu ndi kuyankha. Akamva kwa ine adzati za azungu, koma akamva kwa inu a Cornelio adzamvera. Ngati simukufuna, asungeni m'kabati, sindidzafunsa.

Ya orenji yokandikakandika pakamwayo ndi yanga ija. Imeneyo si ya mapota, ndi yanu. June akubwera. Ngati bondo lilola n'kukwera ku Lichenya, mukaime pamalo paja munamva mluzu, muimbe katatu.

Ndine mwana wanu,
Bonaventure